Tsiku Lolembedwa pa Mzati wa Chigafa

Tinanyamuka mu Lilongwe dzuwa lisanatenthe, Febuluwale ali pakati. Msewu wa M1 ukadutsa Lumbadzi, Mponela ndi Madisi umatsikira pa mlatho wa Bua, ndipo mukangowoloka mtsinjewo mwalowa m'boma la Kasungu. Kuyambira pamenepo dziko ndi lathyathyathya. Kumanzere fodya, kumanja fodya, apo ndi apo kamunda ka chimanga kapena soya, ndipo pakati pa minda pali zigafa zazitali zofolera ndi udzu, zina zatsopano, zina zopendama ngati nkhalamba yoyendera ndodo. Pa Chinkhoma, pamene alimi amagulitsira fodya wawo, panali zii. Msika umatsegulidwa cha mu Epulo. Kufikira nthawiyo, ndalama ya dera lino imakhala ikadali tsamba lobiriwira.

Sitinapite kukaona fodya. Anatiitana ndi msuweni wathu, amene mwana wake wa zaka zitatu anali atagonekedwanso m'chipatala patangotha masabata atatu chitulukireni. Ulendo woyamba anafika ndi malungo aakulu, magazi atachepa kwambiri, ndipo achipatala anamuika magazi. Anatuluka akuseka, akudya. Ulendo uno anabwera zikhatho zitayera, akupuma mothamanga. Pa foni msuweni wathuyo anangofunsa kuti: "Kodi ndiye kuti mwanayu sanachire?" Funso limeneli tinayenda nalo masiku anayi, kuchipatala ndi kumudzi, ndipo aliyense amene tinamufunsa analiyankha mosiyana.

Boma la Kasungu ndi lalikulu. Kalembera wa 2018 anapezamo anthu oposa 840,000. Chipatala chachikulu cha boma chili m'tauni, patsinde pa phiri la Kasungu. Kum'mawa, ku Mtunthama pafupi ndi Kamuzu Academy, kuli chipatala cha St Andrew's cha mpingo wa Anglican. Kumpoto kuli cha Nkhamenya cha Akatolika. Ndipo matenda okanika amatumizidwa ku Kamuzu Central ku Lilongwe, mtunda wa makilomita pafupifupi 130. Pakatipakati pali zipatala zing'onozing'ono za kumidzi. Pa mapu zonsezi zimaoneka zoyandikana. Koma munthu wa ku Chamama, wa ku Santhe, kapena wa kufupi ndi malire a paki ya nyama zakutchire sawerengera mtunda ndi makilomita. Amawerengera ndi mtengo wa kabaza, ndiponso ngati dambo ladzaza kapena ayi.

Pachipatala chimene mwana anagonekedwa, tinayamba tafika kukhitchini ya magadiyani. Amene anadikirirapo wodwala amaidziwa: mafuwa ali ndondondo, utsi wa nkhuni zonyowa, miphika yakuda, amayi akudikirana kuti moto wa mnzawo upatse mpata. Kumeneko tinapeza agogo ake a mwanayo akuvundula phala. Iwo ndiwo anali gadiyani ulendo woyamba, ndipo anali gadiyaninso ulendo uno.

"Agogo, tsiku lotuluka lija anakuuzani chiyani?"

"Anati mwana wapeza bwino, tizipita. Anatinso tidzabwere."

"Liti?"

Anamasula mfundo ya chitenje natulutsa buku la kuchipatala, lopindika m'makona, lokulungidwa mu jumbo ya shuga. Tsiku lodzaonedwanso linalembedwamo ndithu, m'Chingerezi, ndi dzanja lofulumira. Linali litadutsa sabata yathunthu mwana asanayambenso kudwala.

Agogowo sanali munthu wosasamala, ndipo tikufuna tinene zimenezi poyera, chifukwa mawu akuti "kusasamala" amatuluka msanga pakamwa pa ife ophunzira. Anagona pansi pa simenti masiku asanu pambali pa bedi. Tsiku lotuluka mutu wawo unali pa kumanga miphika, kubweza mbale yobwereka, ndi kupeza njinga yamoto mvula isanagwe. Pa zonse zimene ananena adokotala, mawu amene analowa ndi amene ankawadikira sabata yonse: wapeza bwino. Kuwerenga sadziwa. Mayi wa mwana, amene amadziwa, anatsala kumudzi ndi khanda. Bambo wa mwana, amene amasunga ndalama, anali m'munda kuthyola fodya. Choncho malangizo anaperekedwa kwa munthu amene sangawawerenge, sapereka mankhwala kunyumba, ndipo salamula za thiransipoti.

Madzulo tinakhala pakhonde ndi mmodzi wa madokotala a kuwodi ya ana, atamaliza kuyendera odwala. Anatiuza kuti nyengo ya mvula nkhope zina amazizindikira zisanafike pa tebulo. Anayamba ndi madandaulo amene achipatala ambiri amanena: makolo amabwera mochedwa, mwana akatentha thupi amayamba athamangira ku golosale kukagula panado, mankhwala a LA amawasiyira panjira mwana akangoyamba kusewera, otsalawo n'kusungira m'bale wake, neti imene inaperekedwa yogonamo imakapezeka itatchinga dimba kapena anapiye. Zonsezi zimachitikadi, ndipo ife taziwonapo. Koma titamufunsa kuti kukambirana kwa tsiku lotuluka kumatenga nthawi yaitali bwanji, anakhala kaye chete. Kenako anavomera kuti pa kukambirana konse kumene amakhala nako ndi banja, kumeneku ndiye kwakufupi. Mwana wobwera akukomoka amatenga maganizo onse a wodi. Mwana wotuluka ndi bedi limene lapezeka, ndipo pakhomo pali kale wina amene akulidikira.

Namwino wina wachikulire, amene ankamvetsera akulemba m'kaundula, anawonjezera chinthu chimene sitinachiganizire. Anati vuto lili pa funso loti "Mwamva?" Palibe agogo a kumudzi amene angayankhe adokotala kuti "Ayi, sindinamve." Ulemu suwalola. Amati "Eya, zikomo," n'kuwomba m'manja. Iye anasiya kalekale kufunsa funso limenelo. M'malo mwake amauza gadiyani kuti amufotokozere iyeyo zimene akanene akafika kwa mwini mwana: mankhwalawa amwedwa kangati, mpaka liti, akaona chiyani athamange usiku womwewo. Anati pamenepo ndi pamene zimaoneka kuti theka la malangizo latsala m'wodi.

Kumayiko olemera nkhani ya odwala obwereranso imeneyi inafika mpaka m'malamulo. Ku America, kuyambira mu 2012, boma limadula ndalama zimene limalipira zipatala ngati odwala matenda ena, monga a mtima ndi chibayo, akugonekedwanso mochuluka pasanathe masiku 30. Kumeneko kubwerera kwa wodwala ndi chizindikiro chakuti china chake chalakwika. Kuno kwathu tiyenera kusamala powerengera motero. Mwana wobwerera ndi amene anakwanitsa kufika. Amene amatidetsa nkhawa kwambiri ndi amene sanabwerere, ndipo buku la kuwodi silidziwa kuti anatha bwanji.

Zimenezi si zongoganizira. Kafukufuku wa gulu lotchedwa CHAIN, amene anatsatira ana oposa 3,000 ogonekedwa m'zipatala za m'mayiko asanu ndi limodzi a mu Africa ndi Asia, kuphatikizapo ku Blantyre, anatulutsa zotsatira zake mu 2022. Pa ana amene anamwalira, pafupifupi theka anamwalira atatulutsidwa kale m'chipatala, m'miyezi isanu ndi umodzi yotsatira. Kale ndithu, Pulofesa Kamija Phiri ndi anzake a ku College of Medicine anali ataonetsa kuti ana a m'Malawi amene aikidwa magazi chifukwa cha kuchepa magazi kwambiri amakhalabe pa chiopsezo kwa miyezi ingapo atapita kwawo. Chifukwa chake n'chosavuta kumva. Magazi oikidwa amapulumutsa moyo tsiku limenelo, koma thupi limafuna miyezi iwiri kapena itatu kuti lipange akeake okwanira. Mwana akabwerera kumudzi wa udzudzu womwe uja n'kulumidwanso, malungo atsopano amapeza nkhokwe isanadzaze.

Ndiye yankho la funso la msuweni wathu linali lakuti mwanayo anachira malungo oyamba aja, koma anatuluka asanalimbe, ndipo kunyumba palibe amene ankadziwa kuti masabata otsatirawo ndiwo anali oopsa.

Akatswiri omwewo anayesa njira yotchingira mpata umenewu: kupatsa mwana wotuluka mankhwala a malungo mwezi ndi mwezi, ngakhale asakudwala. Anayesa koyamba m'zipatala za kumwera kwa Malawi, zotsatira zake n'kutuluka mu 2012. Kenako ku Kenya ndi ku Uganda anayesa mankhwala a dihydroartemisinin-piperaquine, omwedwa masiku atatu pa sabata yachiwiri, yachisanu ndi chimodzi ndi yakhumi mwana atatuluka. Zotsatira za mu 2020 zinaonetsa kuti pa nthawi imene ana ankatetezedwa ndi mankhwalawo, kugonekedwanso kapena kumwalira kunachepa ndi 70 pa 100 alionse. Mu 2022 bungwe la WHO linavomereza njirayi kwa ana a m'madera a malungo ochuluka.

Koma mbali imene inatigwira mtima ndi imene inachitikira ku Zomba. Kumeneko funso silinali loti mankhwala amagwira ntchito kapena ayi, koma loti aperekedwe motani. Makolo ena anauzidwa kuti azibwera kuchipatala mwezi uliwonse kudzatenga. Ena anapatsidwa mankhwala onse tsiku lotuluka, atafotokozeredwa masiku omwetsera. Munthu akhoza kuganiza kuti mayi wa kumudzi ukamupatsa zonse pakamodzi asokoneza kapena aiwala. Zinapezeka kuti amene anatenga mankhwala kupita nawo kwawo ndiwo anamwetsa ana mokhulupirika kuposa amene ankafunika kubwerera. Makolo atafunsidwa ananena zimene agogo athu akananena: mtunda, ndalama ya ulendo, ndi ntchito yosiyidwa. Anthuwo kufuna ankafuna. Chimene chinkawagonjetsa ndi msewu.

Tsiku lachitatu tinatsika mu tala n'kulowa msewu wafumbi, umene mu Febuluwale ndi wamatope ofiira. Tinayenda pang'onopang'ono, tikupatukira ngolo za ng'ombe zodzaza masamba a fodya. Bambo wa mwanayo tinawapeza m'chigafa, akusoka fodya ndi achibale awiri, masamba akupachikidwa pa mikangala mizeremizere mpaka kudenga. Fungo lake ndi lolemera, lokhala pakhosi. Anatilandira ndi ulemu wonse, natifunsa za wodwala asanatifunse za ulendo.

Titatchula za tsiku lodumphidwa lija, sanakane kapena kudzikhululukira. Anatiwerengera miyezi. Nazale amafesa cha mu Seputembala. Kuwokera ndi mvula yoyamba, mu Disembala. Kuyambira Januwale mpaka Malichi ndi kuthyola, kusoka, kuyanika, ndipo tsamba likapsa silidikira munthu. Ukachedwa masiku awiri lawonongeka. Kenako kusankha ndi kudinda mabelo. Ndalama imabwera msika ukatsegulidwa, ngongole ya feteleza itayamba yadulidwa. Choncho miyezi imene udzudzu uli wambiri, chakudya chili chochepa, ndipo ana akudwala, ndi miyezi yomweyo imene m'nyumba mulibe khobidi ndipo dzanja lililonse likufunika kumunda. Akuluakulu a kuno sanaiwale njala ya 2002, imene inakantha Kasungu kwambiri, ndipo inafika pachimake m'miyezi yomweyi.

"Achimwene," anatero, "mwana akudwala ndigulitsa nkhuku, ndipita naye ngakhale pakati pa usiku. Koma mwana akusewera panja, ndiuze anthu kuti ndasiya fodya ndikupita naye kuchipatala?"

Apa ndi pamene tinaona kuti adokotala aja ndi bambowa sakutsutsana kwenikweni. Kwa adokotala, tsiku lodzaonedwanso ndi mbali ya chithandizo, ngati jakisoni womaliza. Kwa bambowa, chipatala ndi malo opitako munthu akadwala, ndipo palibe anawauzapo kuti mwana wosewera akhoza kukhala ndi magazi ochepa. Titawafotokozera za nkhokwe yosadzaza ija, anamva msanga kuposa mmene ife tinamvera. Mlimi amadziwa kuti mbewu yowokera kumene imaoneka yobiriwira mizu isanagwire.

Fodya ali ndi njira zinanso zobwezera anthu kuchipatala. Tsamba lonyowa ndi mame kapena mvula limatulutsa nikotini amene amalowa pakhungu, ndipo wothyola amamva chizungulire, mutu, nseru ndi kusanza. Lipoti la bungwe la Plan International la mu 2009 linanena kuti ana ogwira ntchito m'minda ya fodya ku Malawi akhoza kulowetsa m'thupi nikotini wofika mamiligalamu 54 pa tsiku, wofanana ndi wa ndudu 50. Zizindikiro zake zimafanana ndi malungo, moti n'zosavuta kumwa mankhwala olakwika. Magazini ino maganizo ake pa fodya ndi odziwika, ndipo sitibwereza. Tingoti mwana wongotuluka m'chipatala asagone m'chigafa kapena m'chipinda chosungiramo fodya, ndipo mwana aliyense asathyole. Palinso mabanja obwera kudzalima m'maesiteti kuchokera kumaboma ena. Lamulo la mu 2021 linathetsa utenanti, koma anthu osamuka ndi nyengo akadalipo, ndipo banja likasamuka, buku la kuchipatala likatayika, mbiri yonse ya wodwala yapita.

M'mudzi momwemo tinaonanso amalume ena a zaka za m'ma 60, amene agonekedwapo katatu chifukwa cha kutupa miyendo ndi kubanika. Ali ndi BP imene inafooketsa mtima. Nkhani yawo ndi yomweyi koma ya munthu wamkulu: akatuluka amamwa mankhwala okodzetsa aja, miyendo ikaphwa amasiya, poti kwa iwo mankhwala ndi a munthu wodwala. Achipatala anawauza kuti achepetse mchere, koma amene amathira mchere mu ndiwo, ndi soda mu therere, ndi akazi awo, ndipo iwo sanali m'chipindamo pamene izi zinkanenedwa. Tinakhala nawo awiriwo pamkeka kwa ola limodzi. Amayiwo anafunsa mafunso ambiri kuposa amuna awo.

Munthu amene akanalumikiza zonsezi tinakumana naye pobwerera, akukankha njinga pamatope: mlangizi wa zaumoyo wa deralo, amene amayendetsa sikelo ya ana ndi katemera. Amadziwa nyumba iliyonse. Koma anatiuza kuti za kugonekedwa kwa mwanayo anazimva kwa anthu pa mjigo, ulendo woyamba ndi wachiwiri womwe. Palibe kapepala kapena uthenga wa pa foni umene umamufikira wonena kuti mwana wakuti watuluka, mukamuone zikhatho sabata yamawa. Anati akanadziwa akanadutsako, chifukwa ndi panjira yake. Ku Neno, kumene bungwe la Abwenzi Pa Za Umoyo lakhala likugwira ntchito ndi boma kuyambira 2007, anthu a m'mudzi momwemo anapatsidwa ntchito yoyendera mabanja khomo ndi khomo ndi kukumbutsa odwala masiku awo. Si boma lililonse limene lingakwanitse zonse za ku Neno. Koma kuuza mlangizi kuti mwana wabwera sikufuna bungwe. Banja lenilenilo likhoza kutuma mwana wa sukulu.

Inu owerenga, tsiku lina mudzakhala gadiyani, ngati simunakhalepo kale. Musanamange miphika, pemphani namwino akuuzeni m'Chichewa dzina la matenda, ndipo tsiku lobwerera mulitchule mokweza pamaso pake, kuti ngati mwalakwitsa akukonzeni. Ngati amene adzamwetse mankhwala kunyumba ndi wina, muimbireni foni muli pomwepo amve yekha. Kwa mwana amene anaikidwa magazi, funsani ngati pali mankhwala oteteza malungo oti mutenge, ndipo neti ikhale yake usiku uliwonse. Zikhatho ndi m'maso zikayera, akamapuma mothamanga, akatentha thupi, akakana kudya, akamasanza chilichonse kapena akakomoka, musadikire tsiku lolembedwa. Za chakudya, mudzi wa fodya uli nazo zambiri kuposa mmene umadziwira: nyemba, soya, nsinjiro m'phala, bonongwe, chisoso ndi nkhwani zimene nyengo ino zili paliponse, ndi gwafa pambuyo pake, poti chipatso chotere chimathandiza thupi kutenga ayironi wa m'masamba. Tiyi pa nthawi ya chakudya amachita zosiyana, ndipo mwana wofuna magazi alibe naye ntchito.

Mwana uja anatuluka tsiku lachinayi, ataikidwanso magazi. Ulendo uno mayi ake anabwera ndi khanda kumsana, ndipo namwino wachikulire uja anawakhazika pa benchi iwo ndi agogo. Anawafunsa kuti akanena chiyani kunyumba. Mayiwo anafotokoza bwino mpaka pa tsiku lobwerera, pamene anatchula Lachinayi m'malo mwa Lachiwiri. Namwinoyo sanakalipe. Anatenga buku, nalemba tsikulo kachiwiri ndi zilembo zazikulu, m'Chichewa.

Tinawaperekeza mpaka kumudzi. Bambo aja anatenga bukulo, naliyang'ana nthawi yaitali, kenako anatola khala pa moto n'kupita kuchigafa. Pa mzati wa pakhomo, pamene amalembapo kuchuluka kwa mikangala ya tsiku lililonse, analemba tsikulo pansi pa manambala a fodya, nalizunguliza. Anati nkhuku yakuda ija isaphedwe, ndi ya kabaza. Mphwake wa sitandade 6 anatumidwa kwa mlangizi wa zaumoyo.

Pamene tinkafika pa tala, kumadzulo kunali kutada bii cha kumalire a Zambia, ndipo anthu m'minda ankathamangitsa ngolo kuti masamba alowe m'zigafa mvula isanafike.